Mukavuuka m'madzi, ntchito yolemetsa idikire mawa

Inu amene mumabira m'nyanja ndi masilinda a mpweya ku Cape Maclear, Nkhata Bay ndi Likoma, komanso inu ogwira mbuna mukupumira payipi ya kompresa, nkhaniyi ndi yanu. Ambiri mumasamala muli pansi, koma mukangokwera m'boti mumayesa kuti zatha. Sizinathe ayi, thupi limakhala lidakali pantchito.

Mumpweya timapumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni. Kumtunda kuno alibe vuto. Koma mukatsika mamita 10, mphamvu yokupanikizani imawirikiza kawiri, pa mamita 20 katatu, ndipo nayitirojeni uja amalowerera m'magazi ndi m'minofu. Mukavuuka amayenera kutuluka pang'onopang'ono kudzera m'mapapo, ndipo zimenezi zimatenga maola ambiri. Akatuluka mofulumira amapanga timathovu totseka mitsempha ndi kupweteka molumikizirana mafupa. Matenda akewo ndi amene aphunzitsi anu amawatchula kuti bends.

Tengani botolo la Fanta, mulikhutchumule, kenaka mutsegule. Mwaona thovulo? Thupi la munthu amene wangovuuka lili ngati botolo limenelo, ndipo ntchito yamphamvu ndiyo imalikhutchumula. Kukoka nangula, kusenza masilinda awiri paphewa kupita nawo kugombe, kupalasa bwato molimbana ndi mwera, ngakhale kampira kamadzulo pamchenga, zonsezi zikhoza kuchulukitsa timathovu tija. Bungwe la Divers Alert Network, loona za chitetezo cha anthu obira m'madzi, limalangiza kupewa masewera ndi ntchito zolemetsa kwa maola 24 mutabira. Kuyenda pang'ono, kutsuka zida, kukhala pamthunzi n'kumamwa madzi, izi zilibe vuto.

Ndikudziwa, wina anena kuti nanga katunduyo anyamula ndani? Gawanani ntchito musananyamuke. Amene sanalowe m'madzi ndiye akoke nangula ndi kutsitsa masilinda. Nangula akakodwa m'miyala, amene wangovuuka asabirenso chopanda silinda kukamumasula. Kutsika ndi kukwera mwaliwiro kotereko n'koopsa kwa iye. Madzi otentha osamba, kukandidwa thupi mwamphamvu ndi mowa, nazonso ziyembekeze.

Nyanja yathuyi ili ndi msampha wina umene ambiri sauganizira. Madzi ake ali pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho onetsetsani kuti kompyuta yanu yapamkono, yoyezera kuya ndi nthawi imene mwakhala m'madzi, yatcheredwa moyenera malo okwera ndiponso madzi opanda mchere. Komanso misewu yochoka kunyanja ndi yokwera. Wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu amafika pamtunda woposa mamita 1,200 m'kanthawi kochepa, ndipo Lilongwe ali pamwamba pa mamita 1,000. Kumalo okwera mpweya umapanikiza pang'ono, ndiye timathovu timakula. Okwera ndege amauzidwa kudikira maola 12 akabira kamodzi, maola 18 akabira kangapo kapena masiku otsatizana. Nzeru n'kutsatira zomwezo musanakwere minibasi yopita kumapiri. Zokwera phiri wapansi tsiku lomwelo, iwalani.

Kuipa kwina kwa ntchito yolemetsa n'kwakuti imabisa matenda. Phewa likayamba kuwawa mumati ndi silinda ija. Chenjerani ndi kupweteka m'phewa, m'chigongono kapena m'bondo, dzanzi, kufooka kwa miyendo, chizungulire, kuyabwa ndi mawanga pakhungu, kutopa kosadziwika bwino, kapena kukanika kukodza. Nthawi zambiri zimayamba maola 6 asanakwane, koma zikhoza kuchedwa mpaka tsiku lathunthu.

Mukaona zotere, mgonekeni wodwalayo, mumpatse okosijeni ngati alipo, amwe madzi ngati akutha kumeza, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Musamubwezere m'madzi poganiza kuti akachirirako. Mukafika, auzeni adokotala mosabisa kuti anabira, anatsika mamita angati, anakhala nthawi yaitali bwanji komanso anavuuka nthawi yanji, chifukwa kuphwanya kwa thupi kotereku n'kosavuta kukusokoneza ndi malungo.