Momwe mungapalasire njinga pakati pa galimoto n'kufika kwanu amoyo

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Misewu yambiri anaimanga akuganizira galimoto basi, ifeyo anangotisiyira m'mphepete. Ine ndimapalasa tsiku ndi tsiku, ndiye nazi zimene ndimachita.

Choyamba, mabuleki. Zopopa matayala ndi kuthira mafuta tcheni sindinena, mumazidziwa kale.

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ndinaona zakuda. Malabala a mabuleki atatha, ndinagula otchipa kwa mkulu wina amene analumbira pali Mulungu kuti ndi enieni. Kunja kukauma ankagwira ndithu. Tsiku lina kukugwa mvula, ndili pamtsetse, galimoto inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga. Ndinafinya mabuleki onse awiri, koma njinga inangopitirira ngati sindinagwire kanthu. Ndinakhotetsa n'kukathera m'ngalande, bondo lili magazi okhaokha. Nditawachotsa malabala aja ndinapeza ali gwa, ngati pulasitiki. Ndalama imene ndinkati ndapulumutsa inathera kuwongoletsa limu.

Ndiye pogula, dinani labalayo ndi chikhadabo. Akapanda kubonyoka ngakhale pang'ono, musiyeni, wogulitsa anene zotani. Pomanga, onetsetsani kuti labala yense akugunda limu, osati tayala, chifukwa akamakhula tayala amalidya m'mbali mpaka kuphulika. Kenako finyani buleki. Chogwiriracho chikafika pa handulo, kokani waya n'kumanganso. Dziwaninso kuti malimu achitsulo onyezimira aja amaterera kwambiri akanyowa kuposa a aluminiyamu. Kukagwa mvula muziyamba kufinya pang'onopang'ono mukadali patali, labala apukute kaye madzi. Buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga msanga, koma poigwira bwezani thupi kumbuyo kuopa kudumphira pa handulo.

Chachiwiri, muzioneka. Nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. Zonyezimira muzimange m'miyendo, poti chinthu choyendayenda dalaivala amachizindikira msanga kuposa chongokhala. Nyali zolembedwa pakatoni kuti zimayaka usiku wonse musazikhulupirire, muyese kaye panyumba. Chipewa choteteza mutu chimene wina anagwa nacho kale musagule, mkati chingakhale chitaphwanyika ngakhale kunja chikuoneka bwino.

Chachitatu, malo anu pamsewu. Muzilowera kumene galimoto za mbali yanu zikulowera, osati kuyang'anizana nazo. Pakati pa inu ndi galimoto zoimikidwa pazitsala mita imodzi, chitseko chimatseguka osakuodirani. Pamphambano musalowe m'mbali mwa lole kapena basi. Ikamakhota, matayala akumbuyo amadula ngodya n'kudutsa pamene mwaimapo. Ngati simukumuona dalaivala pagalasi lake, dziwani kuti nayenso sakukuonani.

Liwiro ndiye mwini nkhani, ngakhale kuti lili m'manja mwa ena. WHO imati munthu akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, chiopsezo choti afe chimaposa kanayi cha amene wagundidwa pa 50. N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Stockholm mu 2020 anagwirizana zoti pamene galimoto zimasakanikirana ndi anthu liwiro lisamapitirire 30. Ineyo ndimalolera njira yozungulira koma yabata. Msewu waukulu amaukulitsa kuti mizere ya galimoto ithe, pakapita zaka zochepa wadzazanso, utsi wawonjezeka, ndipo wowoloka ulendo wamutalikira.

Mukatsika n'kuyenda pansi pomwe palibe njira ya oyenda pansi, lamulo limatembenuka: yang'anizanani ndi galimoto zikubwera. Powoloka, dikirani galimoto iimiretu, ndipo musuzumire kuseri kwake, pangakhale ina ikuidutsa. Zomvera nyimbo chotsani m'makutu. Mukakweranso njinga, pokhota muzionetsa ndi dzanja, belu lizilira, katundu mumange bwino pakaliyala.