Sopo Asamalowe M'kati, Amayi

Nyengo yotentha ino ndalandira amayi ambiri odandaula za fungo ndi chikazi chochuluka. Ndikawafunsa zomwe achitapo, amayankha molimba mtima kuti akutsuka m'kati ndi sopo kawiri kapena katatu patsiku, ena mpaka kupoperamo mankhwala onunkhira. Apatu ndi pamene pakulakwika, ndipo ndatopa kuona amayi aukhondo akudzidwalitsa ndi manja awo omwe.

M'njira ya mayi mumakhala tizilombo tabwino totchedwa lactobacillus. Timeneti timapanga asidi amene amalepheretsa tizilombo toipa kuswana. Sopo akalowa, asidi uja amasungunuka, tabwino tija timachepa, ndipo tina monga Gardnerella timapeza malo. Apo ndiye pamayambira matenda a bacterial vaginosis: chikazi chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba, makamaka mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo. Mayi akamva fungolo amaganiza kuti sakusamba mokwanira, amawonjezera sopo, fungo nalonso n'kuwonjezereka.

Musaganize kuti ndi vuto la anthu ochepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi 100 a msinkhu wobereka, pakati pa 23 ndi 29 ali ndi matendawa. Mauka oyambitsidwa ndi tizilombo totchedwa candida, aja oyabwa kwambiri okhala ndi chikazi choyera cha mibulumibulu, amagwira amayi atatu mwa anayi kamodzi kapena kuposerapo pamoyo wawo. Palinso trichomoniasis, yopatsirana pogonana, imene WHO inayerekeza kuti inagwira anthu 156 miliyoni m'chaka cha 2020 chokha. Matenda atatu osiyana, koma ambiri amangowatchula dzina limodzi n'kugula mankhwala amodzi.

Mayi wina mlimi anandifotokozera zake maso ali pansi. "Ndikaweruka kumunda thukuta lili kamukamu, ndiye ndimati fungoli ndi litsiro," anatero. Ankakulunga kansalu ku chala, kukapaka sopo, n'kupukuta m'kati mpaka kumva kuuma. Anagula mankhwala a mauka katatu konse, osasintha kanthu, chifukwa vuto lake silinali candida. Miyezi inapita, ndalama zinapita, ndipo kunyumba kunayamba kukayikirana, abambo akuganiza zina, iye akuganizanso zina. Pamene ankabwera kwa ine n'kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu.

Apa mpamene mtima wanga umawawa. Bacterial vaginosis imawonjezera chiopsezo choti mwana abadwe masiku asanakwane kapena wochepa thupi. Imachititsanso kuti mayi atenge HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana mosavuta, popeza chitetezo cha malowo chafooka. Zonsezi chifukwa cha chizolowezi choti mayi waukhondo ndi amene wauma m'kati. Anatiphunzitsa molakwika! Chikazi choyera kapena chooneka ngati madzi, chosanunkha, chosayabwa, chimene chimasintha malinga ndi masiku a mwezi, si litsiro ayi. Ndi mmene thupi limadzitsukira lokha.

Tsono chochita n'chachidule. Tsukani kunja kokha ndi madzi oyera. Chikazi chikasintha mtundu, kununkha kapena kuyabwa, pitani kuchipatala akakuoneni, osangogula mankhwala mongoganizira. Bacterial vaginosis ndi trichomoniasis amachiza ndi metronidazole, kawirikawiri kwa masiku 7. Malizani onse ngakhale fungo litatha, ndipo mowa muupewe masiku amenewo. Ikakhala trichomoniasis, abambo nawonso alandire mankhwala, apo ayi mudzangopatsirananso. Oyembekezera, nenani kusikelo msanga. Ngati pali kupweteka m'munsi mwa mchombo, kutentha thupi kapena magazi osakhala a msambo, pitani tsiku lomwelo.