Ulendo wa awiri ku Cape Town ndi kumatauni a vinyo

Ngati mukufuna kukapumulako ndi madamu kapena abambo akunyumba ku Cape Town, musadzaze pulogalamu, masiku 6 akukwana. Atatu oyamba khalani mumzinda, koma zokwera phiri la Table Mountain musaikiretu tsiku, mukangodzuka kwayera bwino kulibe mphepo pitani pompo chifukwa mphepo ikakula cable car (chikwepe choyenda pa chingwe chokwerera phirilo) amaitseka. Matikiti a ku Robben Island, chilumba chomwe kunali ndende ya Nelson Mandela, bukanitu pa intaneti, amatha msanga.

Kenako chitani hayala galimoto, amayenda kumanzere ngati ku Malawi. Stellenbosch ili makilomita pafupifupi 50, tauni yakale ya 1679, mumangoyenda wapansi pansi pa mitengo ya oak, usiku umodzi basi. Koma ine mtima wanga uli pa Franschhoek komwe anthu ochokera ku France anafika mu 1688, gonani masiku awiri kumeneko ndipo galimoto isiyeni, kwerani Wine Tram, sitima yaing'ono ya alendo, ikuzungulitseni m'mafamu kuti wina asayendetse atalawa vinyo, chonde izi musazitenge mwachibwana. Mafamu atatu patsiku akwana, kupitirira apo lilime silisiyanitsanso.

February ndi March mukapeza akukolola mphesa koma malo ogona amadula, June mpaka August kumazizira ndi mvula koma mitengo imatsikako.