Bondo la mwana likamauma m'mawa: zimene zatithandiza

Mwana wathu wa zaka 6 ali ndi nyamakazi ya ana. Adokotala anatifotokozera kuti chitetezo cha m'thupi mwake chimalimbana ndi mfundo zake zomwe. Vuto lalikulu linali m'mawa, makamaka mu June ndi July kukamazizira. Bondo lamanzere linkauma gwa, ankadzuka akutsimphina, ndipo pofika kusukulu belu linali litalira kalekale.

Poyamba ndinkamukalipira poganiza kuti ndi ulesi, ndipo zimenezi zimandiwawabe mumtima. Mafuta opaka a kumsika sanathandize. Kumubereka kunkangochedwetsa bondo kumasuka.

Chimene chatithandiza ndi kufunditsa bondolo asanaponde pansi. Madzulo ndikaphula nsima, ndimatereka madzi pambaula pomwepo makala asanazime, n'kuwathira mu fulasiki. M'mawa ndimamudzutsa kutatsala mphindi 30 kuti abale ake adzuke. Ndimasakaniza madziwo ndi ozizira m'beseni, kuwayesa ndi chigongono kuti asamuwotche, kunyika kathaulo, kufinya, n'kukulunga bondo iye ali chigonere. Kakazizira ndimanyikanso, mpaka mphindi 15. Apa musathamange ayi. Kenako amapinda ndi kuwongola mwendo kakhumi, pang'onopang'ono, monga anationetsera kuchipatala, ine ndikuwerenga naye monong'ona kuti khanda lisadzuke.

Ibuprofen, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, amamwa akatha phala, chifukwa amapweteka m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Mankhwala ake sitinasiye, ndiponso timakamupimitsabe maso, popeza matendawa amatha kuwononga maso mwakachetechete.

Chomwe tinagula ndi fulasiki yokha. Khanda likadzuka msanga, bambo ake ndiwo amalinyamula.