Wamfupi koma ukufuna basketball? Tsata njira ya Patty Mills

Mafana a basketball kuno ku Mangochi, makamaka inu amene anzanu amakuuzani kuti ndinu aafupi bola mukamenye chikopa, tiyeni tikambirane za Patty Mills ndi momwe mungatsatire mapazi ake. Mkuluyu ndi wa ku Australia, anabadwira ku Canberra mu 1988, msinkhu wake ndi mamita 1.83 basi, pomwe ku NBA, ligi yaikulu ya ku America, kwadzaza zimphona zoposa mamita awiri. Koma wasewera mu ligi imeneyo zaka zoposa 15 ndipo ku Olympics wapitako kasanu.

Yambirani pomwe mulipo. Mills anayamba ali ndi zaka 4 mu timu ya Shadows yomwe makolo ake anayambitsa okha kuti ana a eni nthaka a ku Australia apeze posewera. Ndiye kaya muli kwa Mpondasi, ku Namwera kaya ku Monkey Bay, ngati kothi kulibe sonkherani ndalama mupite kwa wowotcherera akupangireni ring'i, m'kati mwake masentimita 45, muikhomere pa mtengo wolimba mamita 3.05 kuchokera pansi. Yezani ndi tepi chonde, osangoyerekeza ndi maso, chifukwa mkono ukazolowera ring'i yotsika tsiku lomwe mudzasewere pa kothi yeniyeni mipira yonse izidzathera m'munsi. Mzere wa free throw, poponyera munthu akachitiridwa faulo, ukhale mamita 4.6 kuchokera pa bolodi, wa mapointi atatu mamita 6.75 kuchokera pakati pa ring'i. Dzuwa la kuno mukulidziwa, October ikafika masana sikoyenera, dzukani mamawa musanapite ku sukulu kapena dikirani 4 koloko ikwane, botolo la madzi pambali. Amene mumasala Ramadan chepetsani zothamanga mwezi umenewo, muziponya chabe.

Tsopano nkhani yaikulu, kuponya. Wamfupi pansi pa ring'i alibe chake, amadyera kuponya patali ndi liwiro, ndipo Mills ndi pamene anaika moyo wake wonse. Vuto lomwe ndimaona ndi loti mwana akangogwira mpira akuthamangira ku mzere wa mapointi atatu nkumakankha mpira ndi manja onse kuchokera pachifuwa, zimenezo zimapha mkono mpaka kalekale. Imani pafupi, sitepe imodzi kuchokera pa ring'i, dzanja limodzi, chigongono pansi pa mpira, pindani mawondo mphamvu ichokere m'miyendo, mpira uchoke pa nsonga za zala ukuzungulira chobwerera. Mukalowetsa khumi motsatizana bwererani m'mbuyo sitepe imodzi, mukaphonya yambiraninso. Zimatopetsa eya, koma palibe chidule. Zikakhazikika pezani mnzanu azikupatsirani mukuthamanga, mulandire mapazi atakonzeka kale nkuponya pompo osayamba mwanjanjitsa, chifukwa wamtali akakupeza wakutseka basi. Dzanja lamanzere nalonso lizigwira ntchito tsiku lililonse.

Sukulu musaitaye, apa ndikunenetsa. Mills anadutsa ku Australian Institute of Sport, kenako mu 2007 anapita ku Saint Mary's College ku California kwa kochi Randy Bennett, koleji yaying'ono osati zotchuka zija, ndipo chaka choyamba chomwecho anamwetsa mapointi 37 pa gemu ndi Oregon dziko lonse nkumudziwa. Makoleji a ku America sakulola kusewera ngati magiredi sali bwino, ndiye MSCE yanu, Chingerezi ndi masamu, ndi gawo la basketball yomweyo. Lowani mipikisano ya masukulu ndi ya BASMAL, bungwe loyendetsa basketball kuno ku Malawi, wina azikujambulani pa foni gemu yathunthu osati tizidutswa tokoma tokhatokha, makochi amafuna aone momwe mumatchingira komanso nkhope yanu timu ikamagonja. Ku Saly ku Senegal kuli NBA Academy Africa, njira ilipo ndithu. Koma wina akakulemberani pa Facebook kuti tumiza ndalama ndikupezere sikolashipu, mblokeni.

Benchi isakupwetekeni mtima. Pa draft ya 2009, pomwe matimu a NBA amasankha osewera atsopano, Mills anatengedwa nambala 55 mwa anthu 60 ndi Portland Trail Blazers, asanayambe nkomwe anathyoka phazi pa tireningi, atachira anamutumizako ku timu yaying'ono ya Idaho Stampede. Mu 2011 NBA itaima kaamba ka mkangano wa malipiro anakasewera kwawo ku Melbourne Tigers kenako ku Xinjiang ku China. San Antonio Spurs inamutenga mu 2012 koma pa ma Finals, magemu olimbirana chikho, a 2013 ankadziwika ndi kukupiza thaulo pa benchi kuchemerera anzake. Sananyanyale, anakachepetsa thupi nkubwera ali wopepuka, kochi Gregg Popovich anayamba kumudalira, ndipo mu 2014 pa gemu yachisanu yotengera chikho ndi Miami Heat analowa kuchokera pa benchi pomwepo nkumwetsa 17. Ndiye kochi akakupatsani maminitsi asanu, thamangani asanuwo ngati mawa kulibe, kakamirani munthu wanu kuyambira uko mpaka uko, mpata ukapezeka ponyani osaopa. Zosintha timu chifukwa sanakuyambitseni Loweruka ine sindigwirizana nazo.

Mukaitanidwa ku timu ya boma, ya chigawo kaya ya dziko, pitani. Mills akavala jezi ya Boomers, timu ya dziko la Australia, amasanduka munthu wina. Ku Beijing mu 2008 anali akadali pa koleji, ku London mu 2012 anaposa onse pa avereji ya mapointi, 21.2 pa gemu. Ku Rio mu 2016 analuza mendulo ya bronze kwa Spain 89-88, faulo ya masekondi omaliza anaimbira iyeyo, zowawa zedi. Anabwereranso, ndipo ku Tokyo mu 2021 ananyamula mbendera ya dziko lake, mwini nthaka woyamba kutero, kenako anamwetsa 42 pa gemu ndi Slovenia ya Luka Dončić, Australia nkupambana 107-93 kutenga mendulo yoyamba ya amuna awo ku Olympics.

Gemu imeneyo isakeni pa YouTube, sonkherani bandulo muonere limodzi ndi timu yonse. Maso asakhale pa mpira, akhale pa Mills, jezi nambala 5, muone momwe amazembera kuseri kwa anzake aatali, momwe amaimira mwadzidzidzi nkusintha njira, komanso pomwe mapazi ake amaloza mpira usanamufike. Sankhanipo kathamangidwe kamodzi kokha mukakabwereze sabata yonse, mnzanu wamtali ataima ngati chotchinga, wina akupatsira.