Mmene mungachepetsere kukhalira pa foni koma osatuluka m'magulupu ofunika

Ine sindikuuzani kuti mutaye foni ayi, masiku ano n'zosatheka, uthenga wa maliro umadzera pa WhatsApp, za banki m'khonde mumakumbutsana pa gulupu, kasitomala nayenso amakusakani pompo. Chofunika n'chakuti foniyo isiye kukuitanani, muziitola nokha mukaifuna.

Yambani ndi kuona kuti mukuthera maola angati. Mafoni ambiri a Android, kaya Tecno kaya Samsung, ali ndi Digital Wellbeing mu Settings, a iPhone yanu ndi Screen Time. Imakuonetsani app iliyonse ndi nthawi imene yakudyerani, ine tsiku loyamba ndinachita manyazi ndithu poti ndimauza anthu kuti ndilibe nthawi yokaona azakhali ku Ndirande chonsecho TikTok yokha ikundithera masana onse. Pompo ikani timer pa app imene ikukuvutaniyo, mwina mphindi 30, zikatha ka chithunzi kake kamazimirira mpaka pakati pa usiku. Inde mutha kuichotsa nokha timer-yo, koma ka nthawi kolowa mu Settings kaja kamakupatsani mpata wodzifunsa kuti kodi ndikufuna chani kwenikweni.

Tsopano magulupu, apa ndiye pagona nkhani. Gulupu imodzi ya WhatsApp imatha kukhala ndi anthu 1,024, ndiye tangoganizani muli m'magulupu khumi, ya kutchalitchi, ya amene munaphunzira nawo ku sekondale, ya mpira, ya akubanja iwiri chifukwa ina anaitsegula mobisa atayambana, foni ingasiye kulira? Tsegulani gulupuyo, pitani pa Mute musankhe Always, kapena muiponye ku Archive. Musaope kuti muphonya zofunika, munthu akakutchulani dzina ndi @ kapena akayankha meseji yanu foni imakudziwitsanibe. Siyani poyera ziwiri kapena zitatu basi, za ntchito ndi za kumudzi. Imene mwatopa nayo tulukani, kuyambira 2022 ukatuluka amauzidwa ndi ma admin okha, siziwalengezera onse ngati kale zija anthu amakulondola ku inbox kuti takulakwirani chani.

Bandulo imathera mavidiyo amene simunawapemphe. Mu WhatsApp lowani pa Settings, Storage and data, pa Media auto-download chotsani zonse pa mobile data. Maluwa a m'mawa aja a amalume azikudikirani, mutsegula mukafuna.

Usiku foni isagone pa pilo. Itchajeni pabalaza, kapena ngati mumaidalira pa alamu iikeni poti mpaka mudzuke kuti muifikire. Yatsani Do Not Disturb koma mulole manambala ochepa, a mayi, a kunyumba kwanu, kuti patagwa zadzidzidzi akupezeni. Ena onse adikire kuche.

Za anzathu a pa intaneti, alipo abwino ndithu, ena tinadziwana pa Facebook lero timayenderana pa zinkhoswe. Koma amene simunamuonepo maso ndi maso, sabata isanathe wayamba kale za nditumizireko ya transport pa Mpamba kapena Airtel Money, muimbireni video call kaye, akayamba zoti kamera inafa mwadziwa kale. Ndipo code ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa SMS musapatse munthu aliyense, olo atalemba ndi nambala ya mnzanu kuti yabwera kwa inu molakwika, ndi mmene amabera ma account kenako n'kumapempha ndalama abale anu m'dzina lanu. Lowani pa Account muyatse Two-step verification lero lomwe, PIN yake isakhale tsiku limene munabadwa.

Masiku oyamba dzanja lizipita lokha m'thumba olo foni isanalire, mu minibasi, pa mzere ku banki, ngakhale nsima ili patsogolo. Ine ndinachotsa Facebook ndi TikTok pa screen yoyamba n'kuzikankhira mu foda ya kumapeto, chala chimafika pamalo pake pakale n'kupeza calculator.