Kafeini: werengani mamiligalamu, osati makapu

Mukamufunsa munthu za kafeini amene amamwa, amayankha kuti, "Ine makapu awiri okha patsiku." Komatu kapu si muyeso. Kafeini, chinthu chochangamutsa thupi chomwe chimapezeka mu khofi ndi tiyi, amayezedwa m'mamiligalamu, omwe pa zitini amalemba mwachidule kuti mg, ndipo makapu awiri a munthu wina akhoza kuposa anayi a mnzake.

Kapu ya 240 ml ya khofi wosefa imakhala ndi pafupifupi 95 mg, pomwe ya tiyi wakuda ili ndi 40 mpaka 50 mg. Khofi wa robusta ali ndi kafeini wochuluka pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi wa arabica, ndipo tiyi akakhalitsa m'madzi otentha kafeini amachulukanso.

Zomwe zimapusitsa anthu kwambiri ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Zitini zambiri amalembapo 32 mg pa 100 ml iliyonse, munthu n'kumati aa, n'zochepa izi. Chulukitsani kaye. Chitini cha 250 ml chili ndi 80 mg, cha 500 ml chili ndi 160 mg. Musaiwalenso mapiritsi: limodzi la Panadol Extra lili ndi 65 mg.

Mu 2015 bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, EFSA, lidati munthu wamkulu wathanzi akhoza kumwa mpaka 400 mg patsiku popanda vuto, koma osapitirira 200 mg nthawi imodzi. Amayi oyembekezera malire awo ndi 200 mg tsiku lonse, chifukwa thupi lawo limachedwa kwambiri kuchotsa kafeini, ndipo kafeiniyo amafika kwa mwana m'mimba. Ana aang'ono asapatsidwe zakumwa zopatsa mphamvuzi.

Nthawi yomwera ndi nkhaninso. Kafeini sachotsa kutopa ayi, amangotsekereza adenosine, chinthu chomwe chimauza ubongo kuti tsopano ukagone. Pamapita maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'magazi, choncho khofi wa 4 koloko madzulo akadali ndi mphamvu pofika 9 koloko usiku. Ena amati kapu ya khofi imathetsa kuledzera. Bodza limenelo: munthu amangochangamuka maso, mowa uli chikhalire m'magazi.

Mukaona mtima ukugunda mothamanga, manja akunjenjemera, tulo tikuvuta kapena pamtima pakutentha, chepetsani. Koma musasiye kamodzin'kamodzi, mutu udzakuwawani kwa masiku angapo. Tsitsani theka la kapu pakapita masiku angapo, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, kambiranani ndi adokotala za muyeso wokuyenerani.